Kugula Dremel 398 yakale ndi kuidzutsa: yesani izi musanatulutse ndalama

Anthu ogula Dremel yogwirapo kale ntchito amagwa pa malo awiri. Wina amafika nayo kunyumba, kubaya pa soketi, kumva kuti phu, kautsi n'kutuluka: inali ya magetsi a ku America. Wina amalipira ndalama yoti akanagulira yatsopano chifukwa wogulitsa wamuuza kuti "iyi ndi Professional bwana, anasiya kupanga", osazindikira kuti kusiya kupangako ndiye chifukwa choti mtengo utsike.

Pano tikukamba za Dremel Professional, nambala 398, kamakina kogwira ndi dzanja limodzi kamene osema ziboliboli, osula ndolo ndi mphete, okonza mawailesi ndi olemba mayina pa zitsulo amagwiritsa ntchito podula, kunola, kusema ndi kupolisha tinthu ting'onoting'ono. Kampani yake inasiya kuipanga, koma ikupezekabe pa Facebook, pa eBay, komanso m'katundu amene abale amatumiza kuchokera ku UK, South Africa ndi America. Ndizitchulanso 395 MultiPro, imene nayo inasiyidwa, chifukwa mukamasaka imodzi kawirikawiri mumakumana ndi inzakeyo.

## Zofunika kukhala nazo

Popita kokaiona:

- sikuludiraiva yaing'ono ya flat, kapena ndalama yachitsulo
- tochi ya pa foni
- biti ya drill ya 3.2 mm, yowongoka bwino
- kang'oma ka sandipepa, nambala 407, kapena kamwala konolera
- kachidutswa ka thabwa louma
- magalasi oteteza maso

Mugwirizanenso kuti mukumane pamalo pomwe pali magetsi. Dremel yogulira pamsewu osayatsa ndi ya njuga.

Pokaikonza kunyumba:

- masikuludiraiva a star ndi a Torx
- mswachi wakale ndi kansalu koyera
- sipiriti
- sandipepa yosalala kwambiri, ya 600 kupita m'mwamba
- malitimita (choyezera magetsi)
- mabulashi awiri atsopano a mota (timakala topereka magetsi ku gawo lozungulira la mota)
- pulagi ya mano atatu yokhala ndi fyuzi ya 3 A
- masiki yotchinga fumbi

## Chimene mukulipirira

398 ili ndi kasikirini kosonyeza liwiro ndi mabatani awiri, lokweza ndi lotsitsa. Imazungulira kuyambira maulendo 5,000 pa mphindi kufika 30,000 kapena 33,000, malinga ndi dziko lomwe anaipangira. Swichi yoyatsira ili payokha, ndipo ikamayaka siyidumpha m'manja, imayamba mofatsa. Koma chofunika kwambiri ndi kabolodi ka zamagetsi ka mkati, kamene kamamva mota ikalemedwa n'kuwonjezera mphamvu kuti liwiro lisagwe. Pa liwiro lotsika, pomwe makina wamba amangofa mukangowakhudzitsa pa thabwa, 398 imapitabe. Wopolisha mphete kapena wodula pulasitiki amadziwa kufunika kwa zimenezi.

395 ilibe zonsezi. Ili ndi kabatani kamodzi kokankha, komwe kamayatsa n'kusinthanso liwiro.

Tsono mtengo wa makina osiyidwa umagona pa funso limodzi: chikafa n'chiyani, ndipo mungachipezenso? Mabiti, ma collet (timapaipi tong'ambika tofinya biti kunsonga ya shafiti), nati ya kutsogolo ndi zomangirira zambiri za Dremel zamakono zimakwana pa 398 ndi 395 zomwe. Mabulashi akupezeka. Kabolodi ndi kasikirini ka 398 ndiye n'tovuta kupeza, ndipo n'tomwe timasiyanitsa makinawa ndi ena onse. Kuyesa kwanu kuzikhala kofufuza pamenepo.

## Isanayake

1. Werengani sitika ya pathupi pake. Pezani pomwe alemba modelo, mavoti ndi liwiro. Mukaona 230 V kapena 220–240 V, zili bwino. Ndi magetsi a kuno, a ku Zambia, a ku South Africa ndi a ku UK omwe. Mukaona 120 V, ndi ya ku America kapena Canada, ndipo ikangolawa magetsi a ESCOM mwachindunji, yapita. Musadalire pulagi. Pulagi amasintha, adaputala amaika. Sitika ndiyo imanena zoona. Ikakhala yofufutika moti simungawerenge, ndipo wogulitsa akuzemba kuiyatsa inu mukuona, isiyeni. Pa 395 onaninso pomwe alemba "Type" ndi nambala yake, chifukwa mudzaifuna pogula mabulashi.

Ya 120 V imagwira ntchito kuno, koma podzera pa thiransifoma yotsitsa magetsi, yolemera ija, ya mawati 300 kapena kuposa. Timakonveta topepuka ta apaulendo topangira zoumitsira tsitsi si thiransifoma, ndipo timapha kabolodi. Mtengo wa thiransifomayo muuphatikize pa mtengo wa Dremel musanaone ngati mwapeza zotchipa.

2. Nunkhizani m'timawindo ta mpweya. Fungo la fumbi ndi la thabwa si vuto. Fungo la waya wopsa limamatirira, silichoka ngakhale patapita miyezi, ndipo likutanthauza kuti makoyilo anatenthapo mopitirira. Unikani ndi tochi: waya wa mkuwa azioneka wowala, osati wakuda. Onaninso pulasitiki ya kutsogolo ngati inasungunukapo. Thupi lopukutidwa bwino lisakunyengeni, paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

3. Zungulitsani shafiti ndi zala. Izizungulira mosalala ndi kulimba pang'ono kwa mabulashi basi. Mukamva kukhwekhwereza kapena kugwiragwira, maberingi atha. Kenako igwedezeni cham'mbali. Isagwedere. Kusewera pang'ono chabe pa shafiti kumakhala kuvina kwakukulu kunsonga ya biti pa liwiro la 30,000.

4. Dinani batani lokhoma shafiti. Dinani n'kuzungulitsa nati mpaka batanilo litalowa. Likalowa, shafiti isasunthenso ngakhale mukumanga ndi sipanala. Likamapulumuka, mwini wake ankalidina mota ikuzungulira. Ngati chatha ndi kapini ka batanilo, n'zosinthika. Ngati bowo la pa shafiti ndilo lakula, ndiye kuti muzivutika nayo tsiku lililonse posintha biti.

5. Masulani nati ndi chotsekera cha kumphuno. Nati ya collet izimasuka ndi kumangika mosavuta mpaka kumapeto. Collet yosweka kapena yosowa isakudetseni nkhawa, n'njotchipa. Onetsetsani mazinga a pa shafiti, komanso mazinga apulasitiki a kumphuno amene amaoneka mukachotsa chotsekera chija. Pamenepo m'pomangira flex shaft (chingwe chopindika chofikitsa kuzungulira kwa mota ku kachogwirira kopepuka) ndi zomangirira zina. Akakhala ophwanyika, theka la ntchito za makinawa lapita.

6. Tulutsani mabulashi. M'mbali ziwiri muli tizotsekera. Masulani kamodzi mosamala, chala chili pamwamba, chifukwa sipuling'i yake imauluka. Bulashi yabwino ndi yaitali kuposa mamilimita 3 ndipo kunsonga kwake n'kosalala ndi kowala. Yaifupi kapena yokumbikakumbika yatha, koma limenelo si vuto, ndi chonenerera mtengo. Chofunika kwambiri chili pabowopo: unikani muone commutator, mphete ya timapuleti ta mkuwa imene mabulashi amakhudza, uku mukuzungulitsa shafiti. Kuda pang'ono n'kwachibadwa. Ngalande yakuya, kapuleti kotukuka, kapena kamodzi kakuda bii pakati pa toyera, ndiye kuti armature, gawo lozungulira la mota, yadwala. Bwezerani bulashi momwe inalili, osaitembenuza.

Wogulitsa akakana kuti mutsegule mabulashi, muuzeni mwaulemu kuti, "Achimwene, apa m'pomwe eni ake anapangira kuti tizitsegula." Akakanabe, mukudziwa chochita.

## Ikayaka

7. Yatsani popanda biti, nati ndi collet mutazichotseratu. Pa 398 yang'anani kasikirini: manambala azioneka athunthu, osati oduka miyendo. Yambani pa 5,000, muzikweza sitepe imodziimodzi mpaka pamwamba, n'kutsikanso. Pa kudina kulikonse, kulira kwa mota kuzisintha limodzi ndi nambala. Apa musathamange, ndipo wogulitsa asakulankhulitseni. Nambala ikamasintha koma mota ikulira chimodzimodzi, kapena ikangoyaka n'kuthamangira pamapeto, kapena liwiro likamakwera ndi kutsika lokha, kabolodi kali ndi vuto. Batani lofuna kulikanikiza ndi mphamvu mwina ndi fumbi chabe, koma simungadziwe musanatsegule, choncho liwerengereni ngati chilema.

Pa 395 kankhani kabataniko pang'onopang'ono kuchoka pansi mpaka pamwamba. Pasakhale malo pomwe mota ikuzima kapena kudumpha.

Ikuzungulira choncho, pindani nthambo pafupi ndi pomwe ikulowera m'thupi ndi pafupi ndi pulagi. Ikadukiza, nthambo yaduka mkati. Imeneyo n'njosintha mosavuta. Suzumiraninso m'timawindo. Kuthetheka pang'ono pansi pa mabulashi kuli bwino. Moto wozungulira commutator yonse, limodzi ndi kulira kothetheka, ndi armature imene ikutsanzika. Isiyeni izungulire mphindi ziwiri kapena zitatu, n'kugwira kumphuno. Kufunda n'kwabwinobwino, koma kutentha koti simungagwire isanagwire n'komwe ntchito ndi beringi.

8. Onani ngati ikuvina, kenako ipatseni ntchito. Zimitsani, zulani pulagi, mangani biti yanu yowongoka ija. Valani magalasi. Yatsani pa liwiro lotsika n'kuyang'ana nsonga ya bitiyo: izioneka ngati yangoima. Ikaoneka yonenepa kapena iwiri, masulani, tembenuzani bitiyo pang'ono, mangani, yesaninso. Ikamavinabe, yesani collet ina ngati ilipo. Ikavinanso pamenepo, shafiti inapindika, mwina inagwapo chamutu, ndipo siidzalembanso mzere woongoka.

Tsopano ikani kang'oma ka sandipepa, tchererani 398 pa 10,000, n'kukhudzitsa pa thabwa mopepuka. Mumva mota ikugwa pang'ono n'kudzukanso yokha. Kudzukako ndiye chimene mukugula. Ikangofooka n'kuima, mwagwira 395 yovala sikirini, ndipo mtengo wake ukhale womwewo kapena wocheperapo.

## Kunenerera mtengo

9. Yambani ndi mtengo wa yatsopano. Musanapite, funsani mtengo wa lero wa Dremel 3000, ya mawati 130, ndi wa 4000 kapena 4250, za mawati 175. Ziwiri zomalizazi nazo zili ndi kabolodi kosunga liwiro, ndi zamphamvu kuposa 398, ndipo zida zake zikupezeka. Chimene zilibe ndi kasikirini kokha. Ndiye palibe chifukwa cholipirira 398 ndalama yoyandikira 4000 yatsopano, kaya wogulitsa anene kuti ndi yosowa bwanji. Kwa ine, 398 imene yakhoza mayeso onse asanu ndi atatu ndi ya theka la mtengo wa 4000, osapitirira kwenikweni.

Chokweza mtengo moyenera ndi zimene yabwera nazo. Flex shaft nambala 225, chuck yomanga ndi manja nambala 4486 (chogwira mabiti cholowa m'malo mwa collet), ma collet onse anayi, bokosi lake, ndi mabiti a tungsten carbide ngati 9901, zonsezi pazokha ndi ndalama, ndipo nthawi zina zimaposa makina enieniwo. Zimagwiranso pa Dremel zina zambiri zimene mungadzagule. Koma mulu wa timiyala totha ndi sandipepa wogwira kale ntchito usakutengeni mtima.

Zochotsera ndalama koma n'kugulabe: mabulashi otha, nthambo, collet, nati, kapini ka batani, maberingi ngati muli ndi mmisiri wowasintha. Zosiyira pomwepo: kasikirini kakufa, liwiro losamvera mabatani, armature yothetheka, shafiti yopindika, fungo lopsa.

Mukapeza 398 ndi 395 zonse zamoyo pa mtengo wofanana, ndipo ntchito yanu ndi yosema matabwa, kudula mabawuti ndi kunola, ine ndingatenge 395. Ili ndi zochepa zoti zife, ndipo 395 zopangidwa kumapeto zimagwiritsa mabulashi ofanana ndi a 3000, nambala 90930, amene ali ponseponse. 398 ndi ya munthu amene ntchito yake yambiri ili pa liwiro lotsika ndipo amafuna kubwerera pa nambala yomweyo mawa.

## Kuikonza kunyumba

10. Tsegulani mwadongosolo. Zulani pulagi. Chotsani mabulashi onse awiri kaye. Mukatsegula thupi ali momo mumawaphwanya. Chotsani nati, collet ndi chotsekera cha kumphuno, kenako masikuluwu. Sitika ikadutsa pamsoko wa thupi, iduleni ndi lezala motsata msokowo, osaimatula, chifukwa mukufunabe zolembedwazo. Igonekeni pa tebulo, tukulani theka la pamwamba, ndipo musanakhudze kanthu jambulani ndi foni. Mawaya ali ndi tinjira tawo, ndipo mukadzawapanikiza pakati pa zipande ziwirizo potseka mudzayamba kufufuza vuto lomwe kunalibe. Batani lokhoma shafiti ndi kasipuling'i kake zimagwa zokha, ikani m'kapu.

11. Chotsani fumbi, osathira mafuta. Pukutani ndi mswachi wouma pa fani, pa makoyilo ndi m'timawindo. Pa kabolodi dutsitsani mswachi mofewa, makamaka pansi pa mabatani. Commutator ipukuteni ndi kansalu konyowetsa sipiriti. Ikakanabe kuyera, kulungani kachidutswa ka sandipepa yosalala, zungulitsani ndi zala kangapo, n'kuchotsa zotsalira m'timipata ndi kachitsotso kosongola, osati singano. Maberingi ake ndi otsekedwa ndipo girizi ali kale mkati. Mukawatsuka ndi petulo kapena parafini mwachotsa girizi amene simungabwezeremo. Akatha amasinthidwa, nambala yake imalembedwa m'mbali mwa beringi, ndipo ogulitsa maberingi amaidziwa.

12. Ngati siyikuyaka, fufuzani motsatana. Mwina mwaipeza yaulere, kapena yafa m'manja mwanu. Yambani ndi mabulashi ndi masipuling'i ake. Kenako yezani nthambo ndi malitimita kuchokera ku pulagi kufika mkati. Kenako unikani timawaya topyapyala ta koyilo yosazungulira ija, pomwe timalumikizana ndi tizitsulo take. Kunjenjemera kwa zaka zambiri kumadula kawaya kamodzi pamenepo, ndipo makina onse amangoti zii ngati apsa. Wokonza mawailesi amakalumikiza mosavuta. Ambiri ataya Dremel zabwinobwino chifukwa cha kawaya kameneka.

Pa 395 zoyambirira pali matenda enanso: mota ikulira bwinobwino koma biti osazungulira. Pakati pa mota ndi shafiti ya kutsogolo pali kapaipi kapulasitiki kolumikiza ziwirizi, ndipo kakakalamba kamanyenyeka. Katsopano kakugulitsidwabe pa intaneti motchipa.

13. Ikani mabulashi atsopano, onse awiri. Ngakhale yatha imodzi, sinthani awiri. Musaganize kuti a 395 akwana pa 398. Tengani akale pokagula kapena funsani potchula modelo ndi Type. Kunsonga kwa bulashi n'kokumbika motsata kuzungulira kwa commutator, ndiye ilowetseni mogwirizana ndi kupindikako. Tizotsekera timangeni mongokwanira, chifukwa ndi pulasitiki. Mukatha, yatsani pa liwiro lapamwamba popanda ntchito kwa mphindi 5 kuti akhazikike. Dremel imalangiza kuwaona pakatha maola 40 mpaka 50 ogwira ntchito. Musaseme mabulashi kuchokera ku khala la m'batire la tochi monga ena amachitira pa majenereta. Pa liwiro ili amadya commutator.

14. Sinthani pulagi ngati ndi ya 230 V yokha. Makinawa ali ndi mawaya awiri, opanda wa earth, ndipo pa sitika pali chizindikiro cha kabokosi mkati mwa kabokosi kosonyeza zimenezo. Wa brown apite kumbali ya fyuzi, wa buluu kumbali inayo, dzino lalitali likhale lopanda waya. Koma ya 120 V isiyeni ndi pulagi yake ya ku America, ndipo matani kapepala pa nthambo kolembedwa mavoti ake. Mukaiika pulagi ya kuno, tsiku lina mnzanu wobwereka adzaibaya pakhoma.

## Kuigwiritsa ntchito osaipha

15. Sankhani collet yoyenera. Alipo anayi, ndipo amadziwika ndi timizere tozungulira kumbuyo kwake: 3.2 mm ilibe mzere, 2.4 mm ili ndi itatu, 1.6 mm iwiri, 0.8 mm umodzi. Manambala ake ndi 480, 481, 482 ndi 483. Mabiti ambiri a Dremel ndi a 3.2 mm. A osula mphete, a 2.35 mm, amalowa mu 481. Ena otchipa a m'mapaketi ndi a 3.0 mm, ndipo mu collet ya 3.2 mm amatha kuterereka. Awa ndi a chuck. Lowetsani biti mpaka mkati, kusiya kunja kachigawo kochepa, chifukwa yotuluka kwambiri imapindika n'kuyamba kukwapula. Mangani ndi sipanala yake mongokwanira. Osamanga nati mwamphamvu muli mopanda biti, collet imafinyika.

16. Tchererani liwiro molingana ndi chinthucho. Pulasitiki imafuna liwiro lotsika, apo ayi imasungunuka n'kumata pa biti. Kupolisha ndi nsalu kapena felt nakonso ndi pansi. Mabulashi a waya ochotsera dzimbiri asapitirire 15,000. Pamwamba pa apo timawaya timathothoka n'kukubayani kumaso ndi m'zovala. Matabwa amafuna liwiro lokwera, koma olimba ngati phingo ndi muwanga akayamba kuda ndi kufuka, tsitsani kapena pepukitsani dzanja. Kudula chitsulo ndi disiki ndi pamwamba. Aluminiyamu ndi mkuwa zimatseka mano a biti. Pakani kandulo pa bitiyo musanayambe. Biti iliyonse imene si ya Dremel, werengani malire ake pa paketi.

17. Liwiro ndilo lizidula, osati mkono wanu. Mota ya mawati 125 si girayinda. Khudzitsani, dutsani, bwererani, dutsaninso. Apa 398 ili ndi msampha wakewake: chifukwa kabolodi kamabisa kulemedwa, simumva mota ikudandaula monga pa 395, ndiye mumakanikizabe uku mkati mukutentha. Muziigwira thupi pafupipafupi, ikatentha ipumitseni. Zala zisatseke timawindo. Chinthu chodulidwacho chimangidwe pa vaisi kapena ndi kalampu. Yendetsani biti kulowera komwe zinyenyeswa zikuulukira. Mukapita mbali inayo, imakwera pamwamba n'kukuthawani.

Timadisiki topyapyala ta 409 timadula bwino koma timasweka mukangopotoza dzanja. Pa bawuti kapena loko gwiritsani 426, yokhala ndi ulusi mkati. Nkhope yanu isakhale mu mzere wa disiki.

Pa flex shaft, pachikani makina pamwamba kuti chingwecho chitsike mosapindika kwambiri, ndipo pakatha maola 25 mpaka 30 sololani waya wa mkati mumupake girizi pang'ono. Wochuluka amatenthetsa chogwirira.

## Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kukhulupirira pulagi. Tanena kale, koma ndi pamene pafera Dremel zambiri zochokera kunja.

Kugula 398 yakufa sikirini poganiza kuti akakonza. Mwina akakonza, mwina ayi. Ngati mukuifunabe, lipirani mtengo wa zida zake zokha, monga armature, nati ndi thupi.

Kuilumikiza ku dimmer (chochepetsera kuwala kwa magetsi) kapena chosinthira liwiro chakunja. Makina amene ali kale ndi chosinthira chawo safuna china. Ziwirizo zimalimbana ndipo chovulala ndi cha mkati.

Kuiyatsa pa inveta ina iliyonse magetsi akazima. Mphamvu yake ndi yochepa moti sola yapakhomo imakwanitsa, koma mainveta otchipa a modified sine wave amasokoneza kabolodi, liwiro n'kumadumphadumpha. Pezani ya pure sine wave. Kajenereta kakang'ono kosakhazikika nako si kabwino kwa 398. Magetsi akazima muli pa ntchito, zimitsani swichi ndi kuzula pulagi pomwepo.

Kudina batani lokhoma shafiti kuti iime msanga. Dikirani iime yokha. Osaiikanso pansi ikuzungulira, imayenda pa tebulo.

Kupopera mafuta m'timawindo ikamalira. Mafutawo amagwira fumbi la mabulashi n'kupanga phala pa commutator. Ikamalira, tsegulani muone beringi.

Kuipatsa ntchito za girayinda. Kunola khasu, nkhwangwa ndi chikwanje, kudula malata a nyumba yonse kapena ring'i ya konkire, si zake. Tcheni cha chainsaw inde, ndi timiyala 453, 454 kapena 455 malinga ndi kukula kwa mano, sizasi inde, kudula bawuti yochita dzimbiri pamalo opanikizika inde.

Kugwira ntchito opanda magalasi ndi masiki, kapena mutavala magolovesi ansalu. Fumbi la matabwa olimba, la nyanga, la miyala ndi la galasi limalowa m'mapapo, ndipo ulusi wa golovesi kapena mkono wa malaya ukakodwa pa biti umakulungika musanaphethire.

Kuthira madzi poboola galasi kapena matailosi makina ali m'manja. Biti ya diamond imafunadi madzi kuti isapse, koma madzi asafike pa mota ya 230 V. Gwiritsani flex shaft, mota ili pamwamba pouma, ndipo madziwo akhale timadontho tochepa pamalo poboolapo.